Sanavule Nsapato

Kiyi wayamba wakana.
Miyezi isanu ndi itatu loko osamva dzanja la munthu,
Torleif wachita kukankha chitseko ndi phewa,
nyumba n'kutipumira kumaso
fungo la makatani otseka ndi khofi wakalekale.

Tinachoka muno mu Bodø mwezi wa Meyi, usiku ukuwala ngati masana,
tili awiri ndi masutikesi atatu.
Tabwera mu Januwale, mdima utagwa anthu asanaweruke,
tili atatu. Sutikesi imodzi yatsalira ku Amsterdam.

Maryuri waima pakhomo
m'jekete lofiira lomufika m'maondo,
wafumbata kajumbo
momwe muli mswachi, chithunzi cha sisitere Amparo
ndi theka la buledi wa m'ndege.
Ndagwada kuti ndimuvule nsapato.
Wabweza phazi.

Mayi Aslaug a nyumba yoyandikana ankathirira maluwa,
onse ali moyo kupatula la pawindo la kukhitchini.
Makalata anawasanja patebulo motsata miyezi:
msonkho, magetsi, inshulansi,
ndi uthenga wa maliro a mnzanga wa kukwaya.
Anamuika m'manda ine ndili pabenchi ya khoti ku Pasto
kudikira woweruza amene ankapita kutchuthi,
kubwerako, kudwala, kuchira,
pepala lathu lili phee pansi pa mapepala a ena.

M'chipinda cham'mwamba
kabedi ka khanda tinagula zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo
kadakali pomwepo, bulangeti lopinda bwinobwino.
Mwana amene wabwera ali ndi zaka zinayi
ndi chipsera pachibwano
chimene palibe anatiuza chiyambi chake.
Wayang'ana kabediko, wayang'ana ine.
"Bebé?" wafunsa, maso akusakasaka khanda la eni nyumba.
Ndasowa chonena m'zilankhulo zonse ziwiri.

Nanenso ndine mlendo muno.
Ndatsegula kabati yolakwika pofuna makapu.
Wa takisi uja ndamuthokoza m'Chisipanishi.
Khutu likudikirabe wogulitsa mapeyala ndi chimkuzamawu chake,
agalu ouwa ali padenga,
belu la tchalitchi losasunga nthawi.
Kuno kuli zii.
Firiji yokha ikung'ung'udza,
chipale chofewa chikutsika osaodira.

Mawa kubwera anthu ndi makeke ndi masokosi oluka.
Adzati mwanayu wachita mwayi.
Sanaone m'mawa uja pageti lobiriwira,
anzake khumi ndi awiri atakola zala pawaya,
iye osalira, osacheuka,
akuwerenga mapolo a magetsi mpaka kubwalo la ndege.
Mwayi wotani woyamba ndi kutaya phiri lako,
lija lofuka utsi, ankalibayibitsa akamapita kokasamba?
Ndidzalandira makekewo. Ndidzathokoza.

Torleif akumasula kabedi, msomali umodziumodzi,
kuika misomaliyo m'kapu kuti isasowe,
ngati pali tsiku lina limene tidzaifune.
Tayala matiresi pabalaza, tonse atatu.
Supu wakana. Mkaka wamwa ataimirira.
Wagona pakati pathu, nsapato kuphazi,
buledi uja pansi pa pilo.

Cha m'ma folo ndadzidzimuka, pakati palibe munthu.
Ali pawindo, mphuno pagalasi,
akuyang'ana kudoko
kumene sitima ya ku Lofoten ikuyatsa magetsi.
Akunong'oneza kanthu, kaya ndi nyimbo,
kaya ndi mayina a anzake aja.
Chidindo cha woweruza chimati ndine mayi wake,
koma sichinandiuze ngati pano mayi amadzuka
kapena amanamizira tulo.
Ndanamizira tulo.

Patapita nthawi wabwera,
wakhala m'mphepete mwa matiresi,
kupuma kwake kukununkhira mkaka.
Walimbana ndi chingwe, wachikoka ndi mano,
wavula nsapato imodzi, yakumanzere,
waiika pafupi ndi mutu wanga.

Inayo wagona nayo.